Mbale ya Kadontho Kofiira

Mu Kanyama monse, ngati munali munthu wodziwa kunyansidwa, anali ba Nsofwa, amene anzawo ankawatchula kuti bana Bornwell potengera mwana wawo mmodzi yekhayo. Anthu ena amanyansidwa akaona chonyansa. Iwo ankanyansidwa asanachione n'komwe. Mphuno yawo inkakhala yokwinyakwinya ngati ya munthu amene wangonunkhiza mkaka wosasa. Mukawapatsa moni wa m'manja ankakulandirani bwino ndithu, kenaka dzanjalo n'kulisunga patali ndi chitenje chawo mpaka atakafika pamadzi.

Anabadwira ku Mufulira, m'nyumba ya kampani ya mgodi, momwe munali mpopi m'khitchini ndi chimbudzi chogujumula. Chimbudzi chimenecho sanachiiwale, ndipo ankachikumbuka mwachikondi kuposa abale awo ena. Ntchito ya amuna awo itatha kumgodi, banja linasamukira ku Lusaka n'kupeza malo ku Kanyama, kumene pansi ndi thanthwe lokhalokha. Mvula ikagwa kumeneko madzi salowa pansi. Amangoima, n'kuyamba kuchezera zimbudzi zokumba, ndipo zimene apezamo amayenda nazo khomo ndi khomo. Dzinja lawo loyamba ba Nsofwa anadwala taifodi mpaka abale a ku Mufulira anayamba kunong'onezana za maliro. Anachira, koma Kanyama sanamukhululukire.

"Iyi komboni inafuna kunipaya kamozi," ankatero. "Siizanipeza futi."

Amuna awo atamwalira, anadzilera ndi makina osokera pakhonde, kusoka mayunifolomu a ana a sukulu ndi mabulauzi oyera a amayi a kutchalitchi. Madzi ogula pampopi wa pa kiyosiki ankawawiritsa, n'kuthiramo kolorini, n'kuwasefanso pansalu. Pamaliro sankadya, ankangoti mutu ukuwawa. Zitumbuwa za pamsewu sankaziyang'ana, poopa kuti maso nawo angadwale.

Mbiri ya ukhondo wawo inafika poipa. Mtsikana akapeza ntchito yophika mu lesitilanti, amayenera kukapimitsa kaye chimbudzi kwa dokotala, ndipo mu komboni muli kachizolowezi kakuti amene akukayikira m'mimba mwake amapempha mnzake wodalirika kuti amudzazire kabotolo kopimitsirako. Atsikana angapo anafika kwa ba Nsofwa, n'kugwada mwaulemu, kabotolo kali m'manja. Onse anabwerera ndi liwiro, tsache lili pambuyo.

"Ati nibwelekeniko! Muona monga ni mchele? Fuseki, vinyanso!"

Ba Nsofwa ankalavula, n'kutsuka pamene anagwada atsikanawo. Koma pansi pa mtima zinkawakomera. Ndi angati mu Lusaka muno amene anthu amasirira ngakhale zotuluka m'thupi mwawo?

Ndiye taonani tsoka la mayi waukhondo. Bornwell, atayamba kuyendetsa magalimoto akuluakulu opita kumalire, anakatenga mkazi ku Misisi, komboni ina ya mu Lusaka yodziwika ndi matope ndi zinyalala. Dzina lake anali Lillian, woluka tsitsi pamsika, woseka mokweza, wa zikhadabo zopaka kyutekisi wofiira. Ankadya nyama yowotcha ya pamsewu n'kunyambita zala anthu akuona. Ba Nsofwa atangoona zikhadabo zija, malovu anadzaza m'kamwa. Sabata lisanathe anabwereka kabotolo ka kyutekisi ka mpongozi wawoyo, n'kudontheza kadontho kofiira kunsi kwa mbale imodzi ndi kapu imodzi.

"Ivi ni vanu, ba Lillian," anatero. "Kuti tisazisokoneza chabe."

Lillian sanali chitsiru. Anamva bwino lomwe zimene kadonthoko kankanena, koma anali mlendo pakhomo, mwamuna ali pamsewu, ndiye anangomeza.

Pakhomopo, monga m'makomo ambiri a madzi osenza pamutu, ankasamba m'manja m'beseni limodzi asanadye, kuyambira wamkulu. Mwambo umenewu ba Nsofwa ankaukonda kwambiri, chifukwa kusamba m'madzi amene wina wasambamo kale kunali imfa kwa iwo. Iwo ndiwo ankayamba nthawi zonse, madzi ali mbee. Mwana atabadwa, kamtsikana kotchedwa Mwiche, kanalowa pamzere pambuyo pa agogo ake, ndipo Lillian ankatsirizira.

Mwiche atasiya kuyamwa, ba Nsofwa analanda ntchito yomudyetsa. Supuni ankaikayikira, chifukwa inkatsukidwa ndi Lillian. Zala zawo ndizo ankazidziwa. Ankamukanyira nthochi, kumusendera mbatata, kumupimira phala ndi chala ngati lazirala. Kunena zoona, mwanayo ankamukonda kuposa moyo wawo. Pa anthu onse a mu Kanyama, Mwiche yekha ndi amene mamina ake ankawapukuta osakwinya nkhope.

Atakwanitsa zaka zitatu, Mwiche anayamba kudwala. Thupi linkatentha ngati mbaula, m'mimba mumapota, chakudya osachifuna. Anathamangira naye kwa Dokotala Mussa, amene ali ndi kachipatala kakekake kuseri kwa msika, komwe anthu amangoti ku sajale. Dokotalayu ankalidziwa banjali kuyambira kale. Ndiye ankapima magazi a malemu amuna awo a ba Nsofwa, ndiye anasoka Bornwell atagwa panjinga. Anali bambo wonenepa, wolankhula pang'onopang'ono, amene sankadabwa ndi kanthu.

Ba Nsofwa ankamulemekeza dokotalayo, koma sajale yake ankadana nayo. Chitseko ankatsegula ndi chigongono. Pabenchi ankayala chitenje chapadera chimene pobwerera ankachinyika. Apa wina akutsokomola osatseka pakamwa, apo bambo wamasula bandeji kuti aonetse mnzake chilonda, uko mwana akukwawa pansi n'kutola chopondedwa. Chimene chinkawadula mtima kwambiri ndi kachipangizo kopimira kutentha kwa thupi, kamene kankachoka m'khwapa mwa uyu n'kulowa m'khwapa mwa uyo. Kuti nesi ankakapukuta ndi thonje la sipiriti, zimenezo kwa iwo zinali zongonamizira.

Magazi a Mwiche anasonyeza taifodi. Anamwa mankhwala, anachira, anayambanso kuthamanga pakhonde. Patangopita miyezi yochepa, matenda omwe aja anabwerera. Anachiranso, matenda anabwereranso. Ulendo wachitatuwu mwanayo anali atatha. Timikono tinali ngati timitengo, tsitsi litafiira, maso okha ndiwo anakula. Dokotala Mussa anamupima m'mimba kwa nthawi yaitali, kenaka anakhala pansi n'kuwayang'ana azimayi awiriwo.

"Ba mayo, na imwe amake Mwiche, mvelani bwino. Aya matenda yakapitiliza kubwela, yangaboole matumbo, elo kamwana katopa kale. Tamupolesa, abwelela kunyumba, adwala futi. Manzi yanu niyaziba, muwilisa. So pali munthu panyumba wamene ali na tuzilombo mumimba. Eve samvela kudwala, ayenda chabe bwino, koma apasa mwana. Nifuna kupima bonse bamene bagwila vakudya vake."

Ba Nsofwa anatembenuka pang'onopang'ono n'kuyang'ana zikhadabo zofiira zija. Lillian anazibisa m'chitenje.

Potuluka, nesi wa pamalopo, ba sisita Chipo, anawapatsa timabotolo titatu topanda mayina: ka agogo, ka mayi, ndi ka Bornwell ngati angabwere msanga. Chivindikiro cha kabotolo kalikonse chinali ndi kasupuni kake, ndipo ba sisita anafotokoza ntchito ya kasupuniko mokweza, benchi yonse ikumva. Anati mayina adzalemba pobweza. Ba Nsofwa anafuna nthaka iwameze. Chipo ameneyu ankaimba kwaya kutchalitchi kwawo. Palibe amene anamumvapo akuulula za wodwala, koma ba Nsofwa ankadziwa pakamwa pa amayi a kutchalitchi, popeza iwonso anali mmodzi wa iwo.

Njira yonse yobwerera, akudumpha zithaphwi zobiriwira, mutu wawo unali pa chinthu chimodzi. Wodwalitsa mwana ankamudziwa kale, panalibe chopimira. Koma mawa lino dokotala akatsimikiza, nkhani idzatuluka kuti m'nyumba mwa bana Bornwell, mayi wothamangitsa anthu ndi tsache uja, muli munthu woyenda ndi zonyansa m'mimba. Anthu sadzanena kuti Lillian wa ku Misisi. Adzanena kuti kwa bana Bornwell. Atsikana aja adzaseka mpaka kugwa. Ndiye bwanji osaitha nkhaniyi m'nyumba momwemo? Mpongoziyo angomuletseratu kukhudza chilichonse cha mwana, basi matenda atha, dzina la pakhomo latsala loyera.

M'mawa mwake Lillian anabwera ndi kabotolo kake atakakulunga m'mapepala apulasitiki, ali ndi manyazi.

"Letani kuno, nizapeleka neka," anatero apongozi. "Imwe nkalani na mwana."

Anakalandira ndi zala ziwiri, mkono atautambasula, n'kupita kuseri. Atatseka chitseko cha chimbudzi, anakaponya m'dzenje. Kenaka anatulutsa timabotolo tiwiri topanda kanthu, kawo ndi ka Bornwell. Zimene zinachitika mmenemo tisazifotokoze, anthu angakhale akudya. Tingoti kasupuni kanagwira ntchito kawiri, ntchentche zikuimba, iwo akuchita mseru mpaka misozi. Zimene anathamangitsira ana a eni ndi tsache anazichita okha tsiku limenelo, popanda wowagwadira.

Ku sajale anapereka timabotolo tiwirito kwa ba sisita Chipo, nkhope ili gwa.

"Aka ni kanga, aka ni ka bana Mwiche. Mwana wanga akali ku boda."

Timabotoloto ankatitumiza ku labu m'tauni, ndipo zotsatira zinkatenga masiku. Podikira, ba Nsofwa anamangitsa malamulo. Lillian analetsedwa kusenda ngakhale lalanje la mwana. Mwiche akalira kuti akufuna amake pa nthawi ya chakudya, agogo ankamunyamula n'kukamudyetsera kuchipinda, akumukanyira nthochi ndi zala zawo zoyera zija. Lillian ankakhala pakhonde ndi mbale yake ya kadontho, chakudya osachikhudza.

Tsiku la zotsatira anapita onse atatu. Ba Nsofwa anavala bulauzi yoyera. Analowa kwa dokotala ali okonzeka kumva kuti onse alibe kanthu, n'kubwerera kwawo ndi ulemu wawo.

Dokotala Mussa anavala magalasi.

"Tubotolo tonse tubili tuli na tuzilombo twa taifodi," anatero. "Imwe ba mayo muli nato, na imwe amake Mwiche muli nato."

M'makutu mwa ba Nsofwa munalira ngati mwalowa udzudzu. Asanapeze mpweya, Lillian anali atatsika pampando n'kugwada pasimenti pomwepo, pamene pamaponda odwala onse.

"Ba mayo, nikhululukileni," analira. "Munakamba kudala, ine sininamvele. Nine nabwelesa. Nadwalika mwana wanga, manje napasako na imwe, imwe bamene simudya na pamalilo. Mayo ine, nizakamba chani kuli Bornwell?"

Ba Nsofwa ankayang'ana manja awo pamiyendo. Zikhadabo zowengedwa bwino, khungu lothetheka ndi sopo wa zaka zonsezi. Akale anati tsoka silinunkha, ndipo manja amenewa ankanunkhira kolorini basi.

"Nyamukani, amake Mwiche, apa si pa khoti," anatero dokotala. "Kuli wamene anadwalapo taifodi kudala?"

"Ine," anayankha ba Nsofwa ndi mawu ouma. "Bornwell akali mung'ono."

Dokotala anagwedeza mutu. Anafotokoza kuti mwa anthu ena, matendawa akatha, tizilombo timatsalira m'ndulu n'kukhala mmenemo zaka ndi zaka, mwini wake osamva kanthu, koma tikutuluka pang'onopang'ono akapita kuchimbudzi. Kenaka anafunsa mmene amasambira m'manja kunyumba.

"Mu beseni," anayankha Lillian, akupukuta misozi. "Ba mayo ndiye bayamba, ni bakulu. Bakasiliza basambika Mwiche, elo ine."

Ananena mosalakwira munthu, monga momwe munthu angatchulire tsiku la sabata. Koma ba Nsofwa anawaona madzi aja. Anaona timanja ta Mwiche tikulowa m'beseni pambuyo pa manja awo, tsiku ndi tsiku, iwo eni ake akutisisita mwachikondi. Anaona nthochi ija, ndi chala chawo m'phala. Mseru umene anausungira anthu a mu Kanyama zaka zonsezi unawakwera pakhosi, ndipo ulendo uno panalibe wina womulavulira.

"Beseni muileke," anapitiriza dokotala. "Muzitililana na jagi, na sopo. Nizakupasani mankhwala ya masabata yambili, mukasiliza tizapima futi. Koma kufikila apo, palibe pali imwe babili wamene azaphikila uyu mwana olo kumudyesa. Muli na munthu winangu?"

Panalibe. Bornwell anali kumalire, galimoto yake ili pamzere. Lillian anaganiza, n'kunena chapansipansi kuti akamusiya kwa amayi ake ku Misisi mpaka iwo atachira.

Ku Misisi, dzinja lino, mwana wotheratu chonchi! Ba Nsofwa akanangokhala chete, mlandu unali utagawidwa kale pawiri, ndipo aliyense akanati agogo anachita kupatsiridwa ndi mpongozi. Lillian mwini wake anali atavomera. Dzina lawo likanatuluka ndi kabala kakang'ono chabe, mwinanso anthu akanawamvera chisoni.

Nthawi yomweyo Mwiche, amene anakhala phee pabedi lopimira, anatopa ndi nkhani za akulu. Anatsetsereka, n'kupita kwa amake atatambasula timikono kuti amunyamule. Lillian anabwerera m'mbuyo. Anapisa manja ake m'khwapa, n'kuwapanikiza mmenemo.

"Iyayi, mami, osanigwila. Nili na doti."

Mwanayo anakakamira chitenje cha amake n'kuyamba kulira, kulira kopanda mphamvu kwa mwana wodwala. Amake ankalira naye, manja ali m'khwapa, akuopa mwana wobala okha.

"Ba dokota," anatero ba Nsofwa. "Ba dokota, mupaseni kabotolo kenangu. Sanapimiwe uyu. Tonse tubili twenze twanga."

Dokotala Mussa, bambo wosadabwa uja, anavula magalasi.

"Imwe, bana Bornwell?"

"Ine."

Lillian anasiya kulira. Anawayang'ana apongozi ake nthawi yaitali, ngati akuwaona koyamba.

"Kanga munakapeleka kuti?"

"Mu chimbuzi."

"So mwenze mwaziba kale ati nine."

Ba Nsofwa anafuna kunena kuti ankateteza dzina la banja, kuti ankamubisira iye yemwe manyazi. Mawuwo atafika pakamwa ananunkha, anawameza. Lillian sanatukwane, ngakhale kuti ku Misisi kutukwana amakudziwa. Anangoimirira, n'kusasa fumbi m'mawondo, n'kupita yekha kwa ba sisita Chipo kukatenga kabotolo. Ulendo uno anakabweza ndi manja ake, ndipo anaimirira pomwepo mpaka dzina lake litalembedwa.

Masiku odikirawo, mayi wina woyandikana nawo nyumba, mmodzi wa omwe ba Nsofwa sankadya kwawo, ndiye ankaphikira Mwiche ndi kumudyetsa. Zotsatira zitabwera, Lillian analibe kachilombo ngakhale kamodzi. Mtsikana wa nyama ya pamsewu uja, wonyambita zala uja, m'mimba mwake munali mbee.

Tsiku limenelo Lillian anaphika mpunga ndi nyemba, koyamba kuphikira mwana wake chisiyireni kuyamwa. Beseni lija analitulutsa n'kuikamo makala. Anasambitsa Mwiche ndi jagi, anasamba yekha, kenaka anatuluka panja n'kuthirira apongozi ake, omalizira. Anathira mwaulemu, atapinda bondo.

Polowa, ba Nsofwa anapita pa shelefu, n'kutembenuza mbale imodziimodzi mpaka atapeza ya kadontho kofiira. Anatenganso kapu ya kadontho ija. Anayembekeza pang'ono, mwina mpongozi anganene kuti iyayi ba mayo, siyani. Lillian anangoilandira mbaleyo, n'kupakuliramo mpunga, n'kuwabwezera ndi manja awiri.

Anakhala pampando wa pafupi ndi khomo. Mwiche anadya pang'ono kwa amake, kenaka chizolowezi chinamukoka. Anatsika, n'kudzaima pakati pa mawondo a agogo ake, n'kuyang'ana mpunga wa m'mbale mwawo.

"Ba mbuya, aaa," anatero, atayasamula kukamwa.

Dzanja la ba Nsofwa linali litanyamuka kale lokha. Analibweza, n'kulilowetsa pansi pa ntchafu, linzake chimodzimodzi, n'kuwakhalira onse awiri.

"Yenda kuli ba mami bako," anatero. "Beve ndiye bali na manja yabwino."